Mtanda wa Masamba Atatu

Ortwin Degenhardt anali munthu woti ukamupatsa chinthu kuti angoona, amachiyang'ana ngati chamulakwira. Mwina chinali chizolowezi cha ntchito yake yakale yozula anthu mano. Waltraud atangotulutsa mendulo ya bambo ake, yooneka ngati mtanda, m'kathumba, Ortwin anaitola ndi zala ziwiri, n'kupita nayo pawindo, n'kuitembenuza, n'kuitembenuzanso, kenako n'kungoti, "Mmm."

"Mmm wa chiyani? Si dzino lobooka limenelo," anatero Waltraud.

Awiriwa anaphunzira kalasi imodzi, ndipo chiyambire ubwana sanalankhulanepo mokoma. Tsikulo anali m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi, momwe kagulu kosunga mbiri ya mudzi wa Lindenroth kankakumana. Chaka chimenecho, 2006, kaguluko kanagwirizana kuti pa Lamulungu lokumbukira akufa pankhondo, mu Novembala, padzapachikidwe zithunzi za amuna a m'mudzimo amene sanabwereko ku nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ija, aliyense ndi kambiri kake. Ortwin, pokhala wapampando, ananeneratu kuti nthano za kukhitchini sadzapachika. Banja lililonse liyambe lalembera ku ofesi yosunga mbiri za asilikali ku Berlin.

Waltraud analemba mtima uli m'mwamba. Ndani sadziwa zimene ena anakumana nazo? Munthu kufunsa za agogo ake okonda kudzala maluwa, yankho n'kubwera loti ankawotcha midzi ya eni kum'mawa. Koma lake linabwera lalifupi: Hubert Faupel, msilikali wamba woyenda pansi, anasowa kum'mawa mu Julaye 1944. Za mendulo sanalembepo kalikonse.

"Mapepala ambiri anapsa," anatero Waltraud, asanafunsidwe n'komwe.

"Anapsadi, zimenezo sizikundivuta," anayankha Ortwin. "Chikundivuta n'ichi. Tabwera kuno, vala magalasi akowo. Pakati pa mtandawu ukuonapo chiyani?"

"Masamba atatu."

"Nanga chizindikiro cha a Nazi chija, chokhota miyendo, chili kuti?"

"Amayi anachipala ndi tupa. Si mmene anachitira aliyense?"

Ortwin anaseka kaseko kake konyansa kaja. "Wopala amasiya chipsera, mnzanga, sameretsa masamba. Mtanda Wachitsulo uliwonse wa nkhondo imeneyo unali ndi chizindikirocho pakati. Wa masambawu unayamba kupangidwa mu 1957, boma litalola kuti asilikali akale azivalanso mamendulo awo, bola chonyansacho chichoke. Uwu ndi wa m'sitolo. Bambo ako sanaugwirepo, pokhapokha ngati anadzuka kwa akufa n'kukaugula okha kutauni ku Kassel."

Waltraud anatambasula dzanja. Anaulanda mtandawo, n'kuuponya m'kathumba.

"Anabwera nawo ndani kodi?" anafunsa Ortwin, ngati sakudziwa. Mudzi wonse unkadziwa.

"Zula mano, Ortwin. Za kwathu zisiye."

Nkhani ya mtandawo Waltraud ankaidziwa kuposa pemphero la Atate Wathu. Iye anabadwa bambo ake ali kale kunkhondo, ndipo sanawaonepo. Anakula ndi amayi ake, Elsbeth, pa kafamu ka ng'ombe zochepa, akumva anzake kusukulu akumunena kuti "kusowa" n'kuthawa, kuti bambo ake anataya mfuti n'kukakwatira mkazi wa ku Russia. Ndiye mu 1958, iye ali ndi zaka khumi ndi zinayi, pakhomo panafika mwamuna wowonda ngati chingwe, atanyamula sutikesi ya katoni. Anati dzina lake ndi Ewald Siebert, anali gulu limodzi ndi Hubert. Anati Hubert anamupatsa mtandawo tsiku lomaliza kuti akapereke kwa mwana wake, ndipo iye anaubisa zaka zonse zimene anali mkaidi ku Russia. Mtsikanayo anapita nawo kusukulu m'mawa mwake, n'kuuonetsa aliyense, ndipo pakamwa pa onyoza panatsekeka.

Mlendoyo anatsala kuti athandize kukolola. Kenako anatsala kuti akonze denga. Chaka chisanathe anali atakwatira Elsbeth, ndipo famu, ng'ombe ndi bedi la Hubert zonse zinali m'manja mwake. Waltraud sanamutchulepo bambo. Anali amalume Ewald, basi, ndipo iwo sanadandaulepo.

Tsopano amalumewo anali ndi zaka makumi asanu ndi atatu ndi zinayi, miyendo itatha ntchito, akukhala m'chipinda chapamwamba cha nyumba yomweyo. Chimwalirire Elsbeth, wowasambitsa anali Waltraud, wowawenga zikhadabo anali Waltraud, wotsika ndi kukwera masitepe ndi mbale anali Waltraud yemweyo, msana wake womwe ukuwawa. Kunyumba yosungirako okalamba ku Kassel anali atamuimbira kawiri kuti malo apezeka, iye n'kukana. Ankati munthu amene anasunga mtanda wa bambo anga pakati pa njala ndi chisanu sangakafere m'manja mwa alendo.

Ha! Kusunga chinthu chimene chinali chisanapangidwe n'komwe!

Panjira yobwerera kunyumba anadziuza kuti Ortwin ndi wamwano chabe. Koma mwano wake wonsewo, Ortwin sankalakwitsa pa za mamendulo, ndipo galu wamkota sakandira pachabe. Waltraud anaima pa mpanda wa manda, n'kutulutsanso mtandawo. Masamba atatu aja anali njo, osalala, opanda ngakhale kamzere ka tupa. Anadzitukwana yekha. Zaka zonsezi akuuyang'ana, maso ali nawo, osaona.

Ndiye anaganiza motere: munthu wabwerako ku ukaidi, alibe nyumba, alibe munda. Wamva kuti kumudzi wakutiwakuti kuli mkazi wamasiye wa famu. Walowa m'sitolo, wagula kachitsulo, wapeka nkhani yokoma. Mwina Hubert Faupel sanamuonepo n'komwe, dzinalo anangoliwerenga pa zikwangwani za osowa zimene zinali mbwee m'masiteshoni nthawi imeneyo. Ngati zinali choncho, ndiye kuti iye Waltraud wakhala akuwenga zikhadabo za mbala.

Atafika anatenthetsa msuzi wa mbatatesi, n'kudulamo soseji, n'kukwera nawo. Anawapeza amalume Ewald pa mpando wawo wa pawindo, bulangeti pamiyendo, akuwerenga mbalame za pawaya.

"Wachedwa, Traudi. Dokotala wa mano uja wakuzula angati?"

"Onse alipo." Anaika mbale patebulo, n'kukhala pabedi, chinthu chimene sankachita. "Ortwin akufuna nkhani ya mtanda uja kuti ailembe. Tandiuzeninso, amalume. Munaubisa pati paja?"

Supuni inaima pang'ono m'malere. Kapena sinaime, mwina anali maso a Waltraud chabe.

"M'chidendene cha jombo. Suja ndinakuuza kambirimbiri?"

"Ine ndimakumbuka kuti munati mu mpendero wa chikhoti."

"Chikhoti chinali poyamba. Atatilanda zikhoti ndinauika m'jombo."

"Jombo sanalande?"

"Analanda za ena." Nkhalambayo inamwa msuzi mokoka. "Mchere wachepa lero."

Taonani mmene yankho linatulukira msanga, lopanda ndi chikhosomo chomwe! Waltraud anawayang'ana ngati akuwaona koyamba: makutu aakulu aja, manja a mitsempha, maso otuwa amene sankakhazikika pa munthu nthawi yaitali. Kale ankati ndi manyazi. Tsopano anati ayi, ndi maso a munthu wodikira kugwidwa.

Masiku otsatira chilichonse chinayamba kununkha. N'chifukwa chiyani amalume sankapita ku misonkhano ya asilikali akale, pamene amuna ena a m'mudzimo sankaphonya ngakhale umodzi? Ankaopa kukumana ndi wina wa gulu la Hubert, n'zimenezo. N'chifukwa chiyani akafunsidwa za Hubert ankangoti anali munthu wabwino, wokonda fodya? Msilikali wanji sankakonda fodya? Ndipo anthu omaliza anabwerako ku Russia cha m'ma 1955. Zaka zitatu zinazo anali kuti, ngati analidi ndi uthenga wa munthu wakufa m'thumba?

Chimene chinamubaya kwambiri chinali mawu a amayi ake. Elsbeth ali pafupi kutsirizika, anamugwira dzanja n'kunena kuti, "Mtanda uja, Ewald akadzafa, udzamuikire m'bokosi." Nthawi imeneyo Waltraud anangoti mankhwala awasokoneza mutu, asokoneza amuna awo awiri. Tsopano anawamva mwina. Ndiye kuti amayi anadzazindikira kuti anapusitsidwa, n'kungomeza, poti khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ankafuna wabodzayo akagone ndi bodza lake.

Waltraud anapsa mtima koopsa, ndipo anawamvera chisoni amayi ake mpaka misozi. Lachinayi m'mawa anaima m'khonde la pansi pa masitepe, n'kuimbira ku Kassel. Mayi wa kumeneko anati malo alipo, koma ayankhe sabata isanathe chifukwa odikira ndi ambiri. Waltraud anati ayankha mawa.

Masana a tsikulo anaphika khofi, n'kudula keke ya mapulamu, chifukwa ngakhale mlandu ukule bwanji, khofi wa masana sadumphidwa m'nyumba imeneyo. Anakwera ndi thireyi, mtanda uli m'thumba la epuloni. Atatsegula chitseko anapeza amalume atavala jekete yawo ya kutchalitchi, mabatani atamangidwa mophonyana. Anaika thireyi pansi, n'kutulutsa mtandawo, n'kuugwetsa patebulo kuti gwe.

"Unapangidwa 1957," anatero. "Munaugula kuti?"

Ankayembekezera kukana, kapena kukomoka kwabodza. Nkhalambayo inangoyang'ana kachitsuloko, n'kupuma mozama.

"Ku Kassel, pafupi ndi siteshoni. Sitolo yake inagwetsedwa kale."

"Ndiye simukukana?"

"Ndikane chiyani, mwanawe? Masamba akuoneka."

"Bambo anga munawadziwa, kapena munangowerenga dzina pakhoma?"

Apa ndi pamene maso otuwa aja anakhazikika pa iye, ndipo sanasunthe. "Hubert ankayamba kudya buledi chapakati, makoko n'kusunga m'chipewa. Ankaimba moipa kuposa iwe. Kalata yonena kuti wabadwa anandiwerengera mpaka ndinaloweza, ndipo ndinamuuza kuti Waltraud ndi dzina la ng'ombe."

"Zimenezo mukanamva kwa amayi."

"Ndikanamvadi."

"Bambo anga analandirapo mendulo?"

"Ayi. Ngakhale imodzi."

Waltraud anakhala pabedi. "Ndiye uwu ndi wa ndani?"

"Wanga," inatero nkhalambayo. "Kapena tinene kuti unalembedwa dzina langa. Tamvera, ndinena kamodzi. Tinkathawa, a ku Russia ali m'mbuyo mwathu. Tinafika pa mtsinje wina, kamlatho ka mitengo. Panafunika awiri otsala ndi mfuti yachiwaya kuti ena awoloke. Anasankha Hubert ndi ine. Iye ankawombera, ine ndinkamupatsira zipolopolo. Zinthu zitafika poipa ndinamuuza kuti tiye. Anati tsogola, ndikubwera. Ine sindinadikire kuti anenenso kachiwiri. Ndinathamanga, Traudi, ndinathamanga osacheuka. Ndili tsidya linalo ndinkamvabe mfuti yake, kenako sindinaimvenso."

Ananyamula kapu, n'kuibwezera patebulo osamwa.

"Patapita masiku, mkulu wa gulu lathu anafuna dzina la amene anateteza mlatho. Amene analipo woti n'kumuveka ndinali ine. Anandiveka, ine n'kuima njo ngati munthu. Mtanda umenewo a ku Russia anandilanda tsiku limene anandigwira, pamodzi ndi wotchi. Za jombo zija n'zabodza. Kunalibe munthu wobisa kanthu zaka zonsezo, ankatisecha mpaka m'kamwa."

"Nanga zaka zitatu zija mutabwerako?"

"Ndinkasenza njerwa ku Kassel. Kawiri ndinafika mpaka pa mpanda wa manda apo, n'kubwerera. Ukanakhala iwe ukanagogoda? Kufika chimanjamanja pakhomo pa mkazi wamasiye, n'kunena kuti mwamuna wanu ndinamusiya pamlatho, mendulo yake ndinavala ine, ndipo inatayika? Ndiye boma litalola mitanda yatsopanoyi, ndinati basi, ndapeza chonyamula. Ndinagula wolowa m'malo mwa wanga uja, n'kubwera nawo kwa mwini wake."

Nkhani yokoma, anaganiza Waltraud. Yokoma mopitirira, ngati yoyamba ija. Munthu amene ananama bwino chonchija ali mnyamata, angalephere bwanji atakalamba?

"Umboni ulipo?"

"Palibe. Onse anafa."

"Ndipo famu simunkaifuna? Munangobwera ndi mtima woyera?"

"Ndinkaifuna," anayankha mosazengereza. "Ndinkagona m'chipinda cha anthu asanu ndi mmodzi. Nditaona ng'ombe zija ndi utsi ukutuluka pa chumuni, ndinati Mulungu, ndisachokenso pano. Ndikane? Ndipo poti wafunsa za mitima yoyera, imva ichinso, kuti dokotala wa mano uja asalembe zopusa. Dzulo lake la mlatho uja tinawotcha mudzi, kuti otithamangitsa asapeze pogona. Munali amayi ndi ana, tinawatulutsa panja n'kuyatsa. Ine ndinayatsa. Hubert anayatsa nawo. Anali mnzanga, anandipulumutsa, koma anayatsa."

Ichi n'chimene Waltraud ankaopa tsiku lija polembera ku Berlin, ndipo sichinabwere pa pepala, chinatulukira m'nyumba mwake momwe. Chinamupweteka kwambiri. Koma mkati mwa ululuwo munalinso kaganizo kena kouma: munthu wofuna kusunga bedi lake sauza mwana wa mwini nyumba kuti bambo ake anawotcha mudzi. Wabodza akanapitiriza kuthira shuga.

"Amayi munawapusitsa mpaka liti?" anafunsa, mawu atatsika.

Nkhalambayo inaseka pang'ono, koyamba masana amenewo. "Elsbeth? Kumupusitsa Elsbeth? Iwe unali kukhola. Ndinamupatsa mtandawu patebulo la kukhitchini, anautembenuza kamodzi kokha, n'kunena kuti, 'Bambo inu, utoto wake sunaume n'komwe.' Ndinamuuza zonse, za mlatho, za mudzi, zonse. Ndinatola sutikesi kuti ndizipita. Ndiye iye anati, 'Mwana wanga amabwera kusukulu akulira tsiku lililonse. Mumupatse umenewu, ndipo mumuuze kuti munaubisa m'chikhoti.' Za chikhoti zija anapeka ndi amayi ako. Ine ndinangoiwala, n'kudzasintha kukhala jombo. Ankandikalipira nazo."

Waltraud anatseka maso. Anaona amayi ake akupukuta chithunzi cha Hubert Loweruka lililonse, galasi lokha, mtanda wa pambali pake osaukhudza. Woupukuta anali Ewald, mu Novembala, ali yekha, chitseko chotseka. Mtanda uja udzamuikire m'bokosi. Mutu wa amayi sunasokonezeke ayi, ankangobweza chinthu kwa mwini wake.

Za pamlatho sakanazidziwa mpaka kufa. Mwina Ewald anathamanga Hubert asananene kuti tsogola. Mwina. Kukayika kumeneko sikunachoke, ndipo anadziwa kuti sikudzachoka. Koma Elsbeth, mayi amene ankawerenga mazira kawiri ndipo sankakhulupirira ngakhale abusa, anamva zonsezi n'kumutsegulira munthuyu chitseko.

Anatola mtandawo, n'kutambasula dzanja la nkhalambayo, n'kuuika pachikhatho.

"Ndi wanu. Chithunzi cha bambo Hubert chikapachikidwa chokha."

Amalume Ewald anauyang'ana nthawi yaitali.

"Chabwino," anatero. "Ndamva. Ndinalowa nawo, nditulukanso nawo. Galimoto ya ku Kassel ibwera nthawi yanji?"

"Galimoto yanji?"

"Makutu angawa sanafe monga umaganizira. Foni ya m'khonde imamveka kuno. Ndalongedza kale, sindikuvutitsa."

Analoza kuseri kwa chitseko. Waltraud anacheuka. Panali sutikesi ya katoni ija, yomweyo ya 1958, ngodya zake zitadyeka, atamanga ndi lamba wa thalauza. Munthu wolephera kufika kubafa popanda womugwira anali atakwawa mpaka pansi pa bedi kukaikoka, n'kuvala yekha jekete ya kutchalitchi, n'kukhala pawindo kudikira kuthamangitsidwa m'nyumba imene anaifolera denga ndi manja ake.

Waltraud anachita manyazi aakulu, ndipo monga mwa khalidwe lake, manyaziwo anatuluka ngati ukali. Anainyamula sutikesiyo, n'kumasula lamba, n'kukhuthulira zonse pabedi: malaya awiri, lumo lometera, chithunzi cha Elsbeth.

"Taonani mmene mwapindira malayawa! Ndiwasitenso ine? Ndipo mukupita kuti ndi miyendo yanuyo, yoti masitepe atatu mumapumira kawiri?" Anawaweramira n'kuyamba kumasula mabatani ophonyana aja. "Ku Kassel ndiimbira ndekha mawa, apatse ena malowo. Khofi wazizira chifukwa cha nkhani zanuzi. Idyani keke, bambo."

Mawu omalizawo, amene anali asanawaitanepo nawo chiyambire, anatuluka mwaukali ngati ena onse, ndipo iye sanawayang'ane kumaso. Anapita pabedi n'kuyamba kupindanso malaya, atawafulatira. Kumbuyo kwake anamva foloko ikugunda m'mbale, kugundanso, kugundanso, koma keke sinadulidwe.